Wolira mvula wina, woponda matope wina

Pali mwambi umodzi womwe ndimaukonda koma nthawi zina umandipsetsa mtima: walira mvula walira matope. Dzinja silidutsa osaumva. Munthu akangoyamba kudandaula kuti khoma la nyumba yake lagwa, kapena kuti chinangwa chaola m'munda, pamapezeka wina womuponyera mwambiwu, nkhani n'kuthera pomwepo. Wodandaula uja amangoti zyoli ngati wapezeka ndi nkhuku ya eni. Si yemweyu kodi ankati dzuwa lanyanya mu Novembala? Ndiye lero akuliranji?

Sabata ino, abale ndi alongo a m'gulu lino, ndati tiugwedezeko mwambiwu, tione ngati mizu yake ndi yozama monga timaganizira. Ndikulemba ndili kwathu ku Benga. Kwa inu amene simunafikeko, Benga ali pa msewu wa M5, ukachoka ku Salima kulowera ku boma la Nkhotakota. Kum'mawa kwathu kuli nyanja, kumadzulo kuli mapiri a Ntchisi, ife tili pakati, pamalo otsika ndi otentha. Madzi otsika kumapiriko amadutsa pakhomo pathu popita kunyanja, ndipo nyanjayo ikakhuta imabwerera kwa ife tomwe. N'chifukwa chake mukafunsa munthu wa kuno ngati amaikonda mvula yambiri, sayankha msanga. Amayamba wakanda m'mutu.

Ndiyambe ndi chikondicho, mungati ndine wosayamika. Amene sanakhaleko kunyanja mu Okutobala ndi Novembala sadziwa kuti kulira mvula n'kutani. Mchenga umayamba kuwotcha mapazi isanakwane 9 koloko m'mawa. Usiku anthu amatulutsa mphasa n'kugona pabwalo, udzudzu ukuchita nawo phwando, chifukwa m'nyumba ya malata simulowereka. Mbuzi zimaswera pansi pa mtengo wa mango kudikira kuti chigwe chinachake. Zitsime za m'dambo zimatsala matope okhaokha, mzere wa zidebe pa mjigo n'kutalika mpaka kunjira. Aliyense akadzuka maso amakhala kumapiri.

Ndiye tsiku lina kumwamba kumada bii, mphepo ya mpoto n'kuyamba kukankha nyanja, madontho akuluakulu n'kuyamba kuboola fumbi. Tsiku limenelo palibe amene amathamangira m'nyumba. Fungo la dothi lonyowa lija, abale, ngakhale ogulitsa mafuta onunkhira m'tauni sanalipeze. Ana amavula malaya n'kumathamangitsana m'mvula, amayi awo akukuwa mongokwaniritsa mwambo, kumaso akuseka. Madzulo achule omwe tinawaiwala amayamba kwaya yawo. Ngumbi zimatuluka, patapita masiku bowa amafika pamsika. Ine mpaka lero, ndi ukulu wangawu, mvula yoyamba ikamagwa ndimaima pakhonde kutambasula dzanja kuti indinyowetse. Za chikondi chimenecho musandikayikire.

Vuto limayamba mvula ikakhazikika, cha mu Januwale ndi Febuluwale, pamene imagwa ngati yaiwala njira yobwererera. Apa m'pamene mabanja a kuno amayamba kupemphera mapemphero osiyana pansi pa denga limodzi.

Mayi anga ndi mlimi wa mpunga. Mlimi wa mpunga safuna mvula yaulemu. Amafuna yogwa mwamwano, yoti dambo lidzaze, madzi afike m'akakolo, aokere mbande zake za Kilombero kapena Faya. Kilombero amachedwa kucha, ndiye madziwo ayenera kukhalitsa mpaka dzinja litapita ndithu. Chaka cha mvula yonyentchera mpunga umangotulutsa mankhusu opanda kanthu m'kati. Chaka cha mvula yambiri, ikamafika Meyi ndi Juni ogula akamabwera ndi masikelo awo, m'pamene fizi ya ana imapezeka, malata amagulidwa, ngongole zimabwezedwa. Ine sukulu ndinaphunzira ndi mpunga wa m'dambo. Ndikamanena zoipa za mvula yambiri ndimakumbukira kuti ndi yomweyo inandigulira yunifolomu.

Azakhali anga, alongo awo a bambo, moyo wawo ndi chinangwa. Ambiri a inu mukamva Nkhotakota mumaganiza za kondowole, ndipo simulakwa. Chinangwa chimapirira dzuwa, koma chimadana ndi kuima m'madzi. Munda ukakhala m'madzi masiku angapo, mukakazula mumapeza phala lonunkha m'malo mwa mizu. Kumbukirani kuti chinangwa chimatenga chaka kapena kuposerapo kuti chikhwime, ndiye chikaola si mbewu ya miyezi 3 yomwe yapita, ndi chaka chathunthu cha thukuta. Ngakhale chomwe chapulumuka chimavuta kukonza. Kondowole amafuna kusenda, kuviika masiku angapo kuti kuwawa kuchoke, kenako kuyanika padzuwa. Pa mvumbi dzuwalo mulitenga kuti? Chinangwa chimada, chimachita nkhungu, nsima yake ngakhale mwana wanjala amaiyang'ana kawiri.

Ndimakumbukira anthu awiriwa atakhala pakhonde, mvula ili pa tsiku lachinayi. Mayi anayang'ana kudambo n'kunena kuti, "Igwe ndithu, chaka chino tiona mpunga." Azakhali anaombetsa manja. "Alamu, inu mukamati igwe, ine ndi ana anga tidya chiyani? Mpunga wanuwo ucha mu Meyi, mimba zathu zidikira?" Agogo, omwe ankatong'ola chimanga chapatali pang'ono, anangoti, "Mulungu ali pa ntchito yovuta ndi mudzi uno. Akamve za ndani?" Tonse tinaseka, koma azakhali sanaseke nawo.

Tsikirani kugombe mukaone pemphero lachitatu. Asodzi a chilimira amapita usiku ndi nyali zawo, siginala ali patsogolo, n'kubwera m'mawa ndi usipa. Amayi a geni amagula n'kuyanika pa mathandala. Kukakhala dzuwa, tsiku limodzi kapena awiri usipa wauma, wapita ku Lilongwe, ku Kasungu, ku Mchinji. Mtambo ukangoti wada, mumaona amayi akuthamanga ndi mapepala a pulasitiki, ana kumbuyo. Mvula ya ola limodzi amaipirira. Koma mvumbi wa masiku 3 umasandutsa mpamba wonse kukhala chakudya cha nkhumba. Woti afutse kapena akazinge akufunika nkhuni, nkhunizo ndi zonyowa ndiponso zakwera mtengo. Tsiku lotsatira amayi aja amaopa kugula, mtengo wa usipa n'kugwa pagombe, msodzi yemwe wachezera panyanja n'kulephera ngakhale kubweza ndalama ya mafuta a injini. Ndipo ambiri mwa amayiwa mpamba wawo ndi wa ku banki m'khonde. Tsiku lobweza likafika, bukhu la gulu silidziwa kuti kunagwa mvula.

Komabe gombe lomwelo limadya za mvula. Madzi akasefukira m'madambo, milamba imakwera m'udzu, anyamata amaigwira ndi manja ndi miono, mudzi wonse n'kudya ndiwo za ulere. Mpasa ndi sanjika zimadalira mitsinje ngati Bua kuti zikaswane. Mitsinje ikauma, nsomba zimenezi zilibe kolowera. Msodzi amene akutukwana mtambo lero ndi yemweyo amadziwa kuti nyanja yopanda mitsinje ndi nkhokwe yopanda wothiramo.

Tsopano tilowe m'nyumba usiku. Amene munakulira m'nyumba ya njerwa zosawotcha mukudziwa kuti khoma siligwa ndi mvula ya mabingu yogwa ola limodzi. Limagwa ndi mvumbi. Limamwa madzi kuchokera pansi pang'onopang'ono, mzere wakuda n'kumakwera, lero pa bondo la mwana, mawa pa bondo la wamkulu. Mayi amasuntha mphasa za ana kuzichotsa kukhoma, onse n'kugona pakati pa chipinda pamodzi ndi thumba la ufa. Bambo amatuluka ndi tochi ndi khasu pakati pa usiku kukatsegula ngalande kuseri. Denga la udzu likayamba kudontha, mbale, mapoto ndi zidebe zonse zimapeza ntchito. Palibe wamkulu amagona. Mumangomvetsera, ndipo mukamva chinthu chagwa kwa aneba mumayamba kuwerenga mawu a ana awo, ngati onse akumveka.

Lero ndimagona m'nyumba ya njerwa zowotcha, ya malata. Mvula ikamaomba pamalatapo ndimafunda bulangete n'kugona tulo tokoma kuposa ta masiku onse. Mayendedwe ochepa chabe kuchokera pakhomo panga pali nyumba ya mayi wina wamasiye, ya zidina ndi udzu. Phokoso lomwe likundigoneka ine ndi lomwe likumukhazika iye tsonga. Mtambo ndi umodzi, mudzi ndi umodzi, usiku ndi umodzi.

Kukacha pamabwera zina. Dothi lathu ndi la mchenga, zimbudzi zimatitimira msanga, zonyansa n'kusakanikirana ndi madzi oyenda. Tonse tikukumbukira kolera yomwe inayamba mu Malichi 2022 n'kupitirira mpaka 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a m'mphepete mwa nyanja anali m'gulu la omwe anavutika kwambiri. Zithaphwi zimaswa udzudzu, malungo n'kugwira ana pa nthawi yomwe njira yopita kuchipatala yasanduka mtsinje ndipo wa kabaza wakweza mtengo. Ng'ona ndi mvuu nazo zimatsatira madzi, zimafika pomwe dzana tinkachapira opanda mantha. Mwana wa sukulu amaima patsidya, makope ali m'jumbo pamutu, kuyeza ndi maso ngati awoloke kapena abwerere.

Mitima iwiriyi si ya ife a kunyanja tokha. Pa 10 Julayi 2023 ku Johannesburg kunagwa chipale chofewa, chinthu chomwe mzindawo unali usanachione kuyambira 2012. Msuweni wanga wina amagwira ntchito ya m'maluwa kumeneko. M'mawa umenewo ananditumizira kanema pa WhatsApp, akuseka ngati mwana, tinthu toyera tikugwera pa chipewa chake. "Asuweni, taonani zinthu! Zija timaonera m'mafilimu zija!" Kanemayo inazungulira mudzi wonse, agogo mpaka anafunsa ngati ndi ufa ukugwa kumwamba. Madzulo ake anatumiza mawu ena, liwu litasintha. Zala zinali zitauma tsiku lonse panja, kachipinda kake ndi ka malata pamwamba ndi m'mbali momwe, magetsi anali atazima. Anati, "Asuweni, chinthuchi n'chokongola ukamachionera pa windo la abwana." Chaka chotsatira, mu Seputembala 2024, chipale chinatseka msewu wa N3 pakati pa Johannesburg ndi Durban, anthu n'kugona m'magalimoto usiku wonse akunjenjemera, pamene ena ankajambula zithunzi zokongola za mapiri oyera. Mawu a msuweni wanga aja ndimawakumbukira mvula ikamagwa kuno. Nayonso imakoma malinga ndi windo lomwe ukuionera.

Koma chomwe chimandizunguza mutu kwambiri ndi ichi: madzi omwe amatipweteka kuno kawirikawiri si a mvula yogwa pa denga lathu. Mtsinje wa Bua umachokera ku Mchinji, umadutsa ku Kasungu, n'kudzatsikira m'nkhalango ya Nkhotakota. Dwangwa amachokera ku Kasungu. Timitsinje ta kufupi ndi kwathu kuno, monga Lifuliza yemwe amathira m'nyanja yaing'ono ya Chia, timatsika kumapiri a Ntchisi. Kuno kutha kukhala dzuwa lowala bwino, zovala zili pachingwe, mwadzidzidzi wina n'kukuwa kuti mtsinje wabwera. Mukapita kukaona mumapeza madzi ofiira akunyamula zitsa, mapesi, nthochi, nthawi zina mbuzi. Mvula yake sitinaione ndi dontho lomwe.

Kumapeto kwa Febuluwale 2024 izi zinachitika mwa mtundu wina kumpoto kwa boma lathu. Madzi anasefukira ku Dwangwa, midzi inamira, anthu anafa, ena masauzande ambiri anathawira m'misasa. Msewu wa M5 unaduka, ndipo opulumutsa anthu ankayenda pa maboti m'malo momwe dzulo lake munkayenda njinga. Sipanathe mwezi, pa 23 Malichi 2024, Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba ya El Niño. Taganizani, abale. Dzinja limodzi, dziko limodzi. Kwina chimanga chikupsa chili chiimire, anthu akusonkhana m'matchalitchi ndi m'mizikiti kupempha mvula. Kwina anthu ali pa denga kudikira boti. Mukanapita pa msasa wa ku Dwangwa n'kukauza mayi amene wataya zonse kuti walira mvula walira matope, akanakuyankhani chiyani?

Kenako inabwera nyanja. Nyanja yathu imalandira madzi kuchokera kutali, ku Ruhuhu wa ku Tanzania, ku Songwe, ku Rukuru, ku Dwangwa, ku Bua, ku Linthipe, koma khomo lotulukira ndi limodzi lokha, mtsinje wa Shire. Imakwera mwakachetechete ndipo imafika pachimake cha mu Epulo ndi Meyi, mvula italeka kale. Mu 2024, pamene kumwera kunali ng'amba, kumpoto ndi ku Tanzania kunagwa mvula yambiri, ndipo pofika Epulo nyanja inapyola mamita 476 kuyeza kuchokera pa nyanja yamchere. Nyuzipepala zinaonetsa malo ogona alendo a ku Mangochi, Salima ndi Nkhata Bay ali m'madzi. Zomwe sizinajambulidwe kwambiri ndi mathandala a usipa, timinda ta mpunga ta m'mbali mwa gombe ndi tinyumba ta asodzi. Madzi a nyanja sachita phokoso ngati a mtsinje. Lero ali pa mtengo uja, sabata yamawa ali pa khonde. Ndipo mwera ukayamba mu Meyi ndi Juni, mafunde amamaliza zomwe madzi anasiya.

Nthawi imeneyo kunabuka mkangano womwe unandiphunzitsa zambiri. Anthu a m'mphepete mwa nyanja ankati atsegule kwambiri zitseko za Kamuzu Barrage ku Liwonde kuti madzi achepe. Akuluakulu oyang'anira za madzi ankati akatero amiza anthu a kumunsi kwa Shire, ku Chikwawa ndi Nsanje, komanso aika pachiswe malo opangira magetsi. Onse ankanena zoona. Magetsi ambiri a dziko lino amachokera pa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Amene munali m'tauni mu 2016 ndi 2017, nyanja itatsika, mukukumbukira mdima wa maola osawerengeka, ometa ndi owotcherera zitsulo atangokhala manja lende. Inuyo munalira mvula, ndipo munali ndi chifukwa. Nyanja yodzaza ndi babu loyaka ku Ndirande ndi ku Area 25. Nyanja yomweyo ndi khitchini yomira ku Benga. Ndipo madzi akachuluka mopyola, magetsi omwewo amathawanso, monga zinachitikira mu Januwale 2022 pamene namondwe wa Ana anawononga Kapichira.

Apa ndiye pagona mkangano wanga ndi mwambi uja. Mwambiwo umanena ngati wolira mvula ndi woponda matope ndi munthu mmodzi. Pa mlimi mmodzi ndi munda wake umodzi, ndi zoona: ukufuna chimanga, pirira kuterera. Koma m'dziko lathu lino mvula ndi matope sizigawidwa mofanana. Wina amalandira mpunga, wina chinangwa choola. Wina magetsi, wina madzi m'chipinda. Wina tulo, wina kuchezera ndi tochi. Kawirikawiri amene amalandira matope ochuluka ndi yemwe ali ndi khoma lofooka, munda wa kumunsi ndi ngongole ya sabata ino. Ndipo mwambiwu umamveka kwambiri kuchokera pakamwa pa ife a malata.

Sindikuloza chala kumwamba. Mvula yambiri inalipo kale. Chomwe chasintha ndi njira yomwe imadutsa. Agogo ankanena kuti kale mtsinje unkadzaza pang'onopang'ono n'kuphweranso pang'onopang'ono, madzi ake oti utha kuona mwala pansi. Lero umabwera nthawi imodzi, wofiira, n'kuuma msanga mvula ikangoleka. Yang'anani kumapiri muone pomwe panali mitengo, muwerengenso matumba a makala omwe amadutsa pa njinga ndi pa malole. Wowotcha makalayo si mfiti, ndi bambo yemwe ana ake akufuna chakudya. Wogula naye si mfiti, ndi mayi wa m'tauni yemwe alibe china chophikira. Koma phiri likameteka, chomwe chimatsika si madzi okha. Ndi munda wa munthu wa ku Ntchisi, pamodzi ndi feteleza yemwe anagula modula, zikubwera kudzakwirira mpunga wa ku Benga, kudzadzaza Chia, kudzaphimba timiyala tomwe mpasa imaikirapo mazira. Wa kumtunda wataya, wa kumunsi wataya. Matope amenewo palibe anawalira.

Chaka chilichonse wailesi imatiuza kuti okhala m'malo otsika asamukire kumtunda. Malangizowo ndi abwino, ndipo amene anaona zomwe namondwe wa Freddy anachita mu Malichi 2023 ku Chilobwe, ku Phalombe ndi ku Mulanje sangawanyoze. Koma mawu oti samukani ndi opepuka pakamwa, olemera pamutu. Kumtundako kuli eni ake. Msodzi amafuna kugona pomwe akuona bwato lake, chifukwa injini ndi maukonde zimabedwa. Dothi la chonde lili m'dambo momwemo mosefukiramo. Manda a makolo ali pomwepo. Munthu amasamuka mu Febuluwale ndi misozi, pofika Ogasiti wabwerera, osati chifukwa cha umbuli koma chifukwa kumtunda kulibe chomudyetsa.

Komanso, kunena mosakondera, pali mwambi wina womwe ife a kunyanja sitikonda kuumva: madzi saiwala khwawa. Nyanjayi ili ndi mbiri yake. Kuyambira cha mu 1915 mpaka cha mu 1935 inatsika kwambiri moti Shire analeka kutuluka. Mu 1980 inakwera kupyola mamita 477. Akuluakulu omwe anaona madzi a 1980 anamanga nyumba zawo patali, ndipo ena amatha kukulozerani mtengo womwe anamangirirapo bwato chaka chimenecho, pamalo poti lero pali minda. Achinyamata omwe anakula nyanja ili yotsika anaona mchenga wambiri wopanda mwini n'kumangapo. Madzi atabwera mu 2024, agogo ena anangoti nyanja yabwera kudzaona malo ake. Choncho ndikamva chisoni ndi nyumba yomira, ndimadziwanso kuti nyanja sinabe malo a munthu. Apanso mitima ndi iwiri, ndipo sindiona chifukwa chotayira umodzi.

Ndikaganiza za khonde lija la mayi ndi azakhali, ndimaona kuti makolo athu anali ndi yankho lawo, ngakhale sankalitchula dzina. Banja limodzi linkakhala ndi wa mpunga kudambo, wa chinangwa kumtunda pang'ono, wa bwato kunyanja. Mapemphero awo ankasemphana dala. Chaka chomwe chinangwa cha azakhali chinaola, mu Juni mayi anatumiza matumba a mpunga kwa alamu awo popanda kufunsidwa. Chaka china mvula itathawa mu Febuluwale, mpunga n'kupsa, tonse tinadya kondowole wa azakhali mpaka dzinja lotsatira. Palibe ananena kuti walira dzuwa walira fumbi. Wopindula ndi nyengo ya chaka chimenecho ankadziwa kuti ali ndi ngongole kwa amene nyengoyo yamupweteka. Mwambo umenewu ukuchepa masiku ano pamene mpunga umagulitsidwa usanafike n'komwe kunyumba, koma sunafe. Khoma likagwa usiku, m'mawa mumapezabe amuna a m'mudzi atafika ndi mitengo ndi nsungwi, amayi atatenga ana a pakhomopo kukawadyetsa phala kwawo.

Ndikanakonda dziko lonse likanaganiza ngati banja limenelo. Amene babu lake likuyaka chifukwa nyanja yadzaza akumbukire kuti madzi omwewo ali m'nyumba ya wina. Amene akudya mpunga wonunkhira wa ku Nkhotakota pa ukwati ku Lilongwe adziwe kuti chaka cha mpunga wabwino chimakhala chaka cha makoma ogwa. Nkhani ya milatho yolimba, ya mitengo ya kumapiri, ya malo oti osamuka akakhale ndi kulimapo, isamakhale ya anthu omira okha ayi.

Ine dzinja lino ndidzaimanso pakhonde kutambasula dzanja mvula yoyamba ikadzagwa, ndipo ndidzasangalala ndi mtima wonse. Ikadzafika pa tsiku lachinayi osaleka, ndidzayamba kuyang'ana khoma la mayi wamasiye uja, ndipo ndidzailakalaka italeka, ngakhale ndikudziwa kuti kudambo mayi anga akumwetulira. Zonse ziwirizo ndi zanga, ndipo sindiona kuti china mwa izo ndi kusayamika.

Pempho langa kwa inu ndi laling'ono. Mnzanu akadzadandaula za mvula chaka chino, musathamangire mwambi. Yambani mwamufunsa kuti lagwa ndi khoma liti, ana agona kuti, ufa wapulumuka kapena ayi. Mwambiwo mudzamuuza mu Juni, pamene nonse mukutha kuseka.

Tsono inu a ku Nsanje, a ku Karonga, a ku Phalombe, a ku Mzimba, ndi inu muli kunja mukupalasa chipale pakhomo m'mawa musanapite kuntchito, tatiuzeni za kwanuko. Mvula ikanyanya, amene amasangalala ndani, amene amachezera ndani? Ndiwerenga zonse madzulo, netiweki ikalola.